Kodi Khanda Tiligulire Mpando Wakewake Paulendo Wautali wa Pandege?

Makolo ambiri amene akukonzekera ulendo wautali wa pandege amapumira m'mwamba akamva kuti mwana wosakwana zaka ziwiri amaloledwa kuyenda atakhala pamiyendo pa mayi kapena bambo ake, popanda kumugulira mpando. Inenso ndinasangalala nditamva zimenezi, chifukwa tikiti ya ulendo wodutsa nyanja zikuluzikulu imadula kale ngakhale kwa munthu mmodzi. Ndayendapo ndi mwana wanga m'njira zonse ziwiri: poyamba ali khanda la miyezi yochepa, nditamufungata pafupifupi ulendo wonse, ndipo kenako atapitirira chaka, atakhala pampando wakewake. Ndikulemba izi kuti makolo anzanga amene funsoli lawaimitsa mutu aone zomwe zili mbali iliyonse asanalipire. Ndinene poyambirira pomwe kuti maganizo anga ndi akuti mwana akafika poti amakhala yekha ndiponso amakwawa, ndipo ulendo ndi wa maola oposa asanu ndi atatu, mpando ndi woyenera kugula ngati thumba likulola, koma ugulidwe pamodzi ndi chomumangiramo.

Nkhani ya ndalama ndiyo imene imayamba kubwera m'mutu, choncho tiyambire pomwepo. Pa maulendo opita kumaiko ena, khanda lokhala pamiyendo siliyenda ulere monga ambiri amaganizira. Makampani ambiri amalipiritsa pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa tikiti ya munthu wamkulu, kuphatikizapo misonkho ina, ndipo khandalo limalembedwa pa tikiti ndi dzina lake komanso limafunika pasipoti yakeyake. Mukasankha kuligulira mpando, mumalipira mtengo wa mwana, umene kumakampani ena ndi wotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi wa wamkulu, pomwe kwina ndi wofanana ndendende. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu, ndipo sindingamuweruze kholo lililonse limene laona mtengowo n'kubwerera m'mbuyo. Chinthu chimodzi choyenera kuchisamala n'chakuti msinkhu wa mwana amauwerengera pa tsiku limene akukwera ndege, osati tsiku limene mwagula tikiti. Ngati mwana adzakwanitse zaka ziwiri muli kumene mwapitako, paulendo wobwerera adzafunika mpando, ndipo ndi bwino kukonza zimenezi ndi kampaniyo musananyamuke, chifukwa tikiti yogula mwadzidzidzi pabwalo la ndege imakhala yodula kwambiri.

Paulendo wanga woyamba ndinadalira kabedi ka makanda kamene amakoleka pakhoma la kutsogolo kwa mzere woyamba wa mipando. Kabedi kameneka ndi kothandiza ndithu, ndipo makampani ambiri sakalipiritsa, koma kali ndi malire amene munthu sawadziwa mpaka atafika. Timabediti timakhala tochepa m'ndege iliyonse, kotero kuti muyenera kupempha msanga, ndipo ngakhale mutapempha, makampani ena amanena kuti adzatsimikiza pa tsiku la ulendo. Kulemera kwa mwana kuli ndi malire, kawirikawiri pafupifupi makilogalamu 10 kapena 11, ndipo kutalika kwake nakonso amakuyang'ana, moti mwana wonenepa kapena wamtali amatha kusakwanamo asanakwanitse n'komwe chaka. Chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti pakampani imene ndinakwera, nyali yochenjeza anthu kuti amange malamba ikangoyaka, mwana ankayenera kuchotsedwa m'kabedimo n'kumangidwa pamiyendo panga. Usiku umenewo ndege inkagwedezeka mwa apo ndi apo, ndipo nthawi iliyonse imene khanda langa lagona tulo tofa nato, nyali ija inkayaka, ine n'kulidzutsa, ilo n'kuyamba kulira, kenako n'kuyambanso ntchito yolitonthoza. Ogwira ntchito m'ndege sankalakwitsa, chifukwa kabedi kaja sikamateteza mwana ndege ikagwedezeka mwamphamvu, koma pofika m'bandakucha ndinangosiya kumubwezeramo. Dziwaninso kuti pamzere woyambawu zotsamirapo mikono nthawi zambiri sizitukuka, ndipo chikwama cha matewera ndi zosinthira chiyenera kuikidwa m'mwamba ponyamuka ndi potera, pomwe ndi nthawi imene mumachifunitsitsa.

Kufungata mwana kwa maola khumi kapena kuposerapo n'kosiyana kwambiri ndi kumufungata kunyumba, komwe mukatopa mumamugoneka pabedi n'kuongola msana. M'ndege mulibe pomuika. Chakudya chikabwera, katebulo kotsitsa sikatsika bwino chifukwa mwana ali pomwepo, ndipo chakumwa chotentha ndinkachikana poopa kuti angachigunde n'kupsa. Kupita kuchimbudzi kunkafuna kuti ndipemphe wogwira ntchito m'ndege kapena mlendo woyandikana naye kuti andigwirire mwana. Kugona ndiye kunali kovuta koposa, chifukwa ndinkaopa kuti ndikasinza manja alefuka ndipo mwana atsetsereka, kapena nkhope yake itsamira pachifuwa panga n'kulephera kupuma bwino. Amene amayenda awiri, mayi ndi bambo, amatha kulandirana, ndipo katunduyo amapepukako. Ine ulendo umenewo ndinali ndekha, ndipo ndinafika mikono itachita dzanzi, mutu uli wiii, pomwe kutsogolo kunali kudakali mizere ya olowa m'dziko, kutenga katundu ndi ulendo wina wa pagalimoto. Komabe ndinene zoona: khanda la miyezi itatu kapena inayi ndi lopepuka, limagona nthawi yaitali, ndipo likalira bere limalitonthoza, moti ulendo wotere ndi wopiririka.

Chimene chinasintha maganizo anga si kutopa, koma kuwerenga za chitetezo pamene ndinkakonzekera ulendo wachiwiri. Ngozi imene imachitika kawirikawiri m'ndege si kugwa kwa ndege ayi, koma kugwedezeka kwadzidzidzi chifukwa cha mphepo ya m'mwamba, ndipo mtundu wina wa kugwedezekaku umachitika kumwamba kuli mbee, popanda mitambo yochenjeza woyendetsa. Ndege ikatsika mwadzidzidzi, chilichonse chimene sichinamangidwe chimanyamuka kupita kudenga, ndipo ikabwerera m'mwamba, chinthucho chimagwa molemera kuposa kulemera kwake kwa masiku onse. Mwana wa makilogalamu 10 pa mphindi yoteroyo amatha kukoka manja anu ngati kuti akulemera kawiri kapena katatu, ndipo zimachitika mosayembekezereka, mwina inu mukusinza. Pa 21 May 2024, ndege ya Singapore Airlines, ulendo nambala SQ321, yochokera ku London kupita ku Singapore, inagwedezeka koopsa ili pamwamba pa dziko la Myanmar. Ofufuza anapeza kuti inatsika mamita pafupifupi 54 m'masekondi osakwana asanu. Munthu mmodzi anamwalira, anthu ambiri anavulala mitu ndi misana, makamaka amene sanamange malamba, ndipo ndegeyo inakatera ku Bangkok. Ngati akuluakulu anaponyedwa kudenga, n'zovuta kukhulupirira kuti manja a mayi, ngakhale akhale achikondi chotani, akanatha kusunga khanda.

Maiko sagwirizana pa njira yotetezera khanda lokhala pamiyendo, ndipo zimenezi zimasokoneza makolo amene amasintha ndege pakati pa ulendo. M'ndege za ku Ulaya ndi za m'maiko ena ambiri amakupatsani kalamba kakang'ono kamene kamalowetsedwa pa lamba wanu n'kuzungulira m'chiuno mwa mwana, ndipo bungwe loona za chitetezo cha ndege ku Ulaya, la EASA, limavomereza kalamba kameneka. Ku United States bungwe loona za ndege kumeneko, la FAA, silikalola, ponena kuti ndege ikaima mwadzidzidzi, thupi la kholo limapindikira kutsogolo n'kupanikiza mwanayo, komanso kalambako kangathe kumuvulaza m'mimba. Choncho m'ndege za ku America khanda limangogwiridwa ndi manja basi. Kalamba kaja kamathandiza kuti mwana asaulukire kudenga, ndipo pamene kaperekedwa ndi bwino kukamanga nthawi yonse imene mwakhala pansi, koma mabungwe onse awiriwa amavomereza kuti malo abwino koposa kwa khanda ndi mpando wakewake, litamangidwa m'chipangizo chovomerezeka.

Mkangano umenewu ndi wakale. Pa 19 July 1989, ndege ya United Airlines, ulendo nambala 232, inachita ngozi potera ku Sioux City m'chigawo cha Iowa ku United States, ndipo mwa anthu 296 amene analimo, oposa 110 anamwalira. Munali makanda anayi opanda mipando, ndipo potsatira malangizo a nthawi imeneyo, makolo anauzidwa kuti awaike pansi n'kuwagwira. Mmodzi mwa makandawo anamwalira. Mayi Jan Brown, amene anali mkulu wa ogwira ntchito m'ndegeyo, anatha zaka zambiri pambuyo pake akulimbikitsa boma kuti likhazikitse lamulo loti mwana aliyense azikhala ndi mpando wake. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB nalonso lakhala likupempha zomwezo. Koma mu 2005 bungwe la FAA linalengeza kuti silikakamiza makolo, ndipo chifukwa chake n'chochititsa chidwi: linaona kuti mabanja akakakamizidwa kugula tikiti ina, ambiri adzasankha kuyenda pagalimoto, kumene ngozi zimapha ana ambiri kuposa pandege. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chilolezo chofungata khanda sichinabwere chifukwa chakuti njirayo ndi yotetezeka mokwanira, koma chifukwa cha kuwerengera za ndalama ndi misewu, kuwerengera kumene sikukhudza n'komwe munthu wowoloka nyanja, amene alibe msewu woti asankhe. Nkhaniyi inabukanso pa 5 January 2024, pamene chitseko chotsekeratu cha ndege ya Alaska Airlines chinazuka ndegeyo itangonyamuka ku Portland, muli makanda atatu okhala pamiyendo. Mwamwayi palibe amene anamwalira.

Sindikunena zimenezi kuti ndikuopsezeni. Kuyenda pandege n'kotetezeka kwambiri, ndipo makanda ochuluka zedi amayenda pamiyendo tsiku lililonse n'kufika bwinobwino, monganso linafikira langa. Mwayi woti zoopsa zichitike ndi wochepa, koma zikachitika, palibe chimene kholo lingachite ndi manja okha.

Paulendo wachiwiri tinagula mpando, ndipo ntchito inayambira pogula pomwepo. Pa intaneti, mukangolemba kuti mwana sanakwane zaka ziwiri, makampani ambiri amangomuika ngati wokhala pamiyendo, choncho ndinachita kuimba foni kuti alembe kuti ndi khanda lokhala ndi mpando wake. Pafoni pomwepo ndinafunsa ngati amalola mpando wa mwana wa m'galimoto, mtundu wake, ndi kukula kwake, chifukwa malamulo amasiyana kampani ndi kampani, ndipo ngati ulendo wanu uli ndi ndege za makampani awiri, muyenera kufunsa onse awiri. Mpandowo uyenera kukhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndi wololedwa m'ndege. Mipando ya ku America imakhala ndi mawu ofiira onena kuti ndi yovomerezeka m'galimoto ndi m'ndege, pomwe ya ku Ulaya imakhala ndi chizindikiro cha malamulo a R44 kapena R129, ndipo makampani ena amafunanso chizindikiro china chotsimikizira kuti mpandowo unayesedwa kuti ugwiritsidwe ntchito m'ndege. Mpando umene umamangika ndi zokowera za m'galimoto zokha sungathandize, popeza m'ndege muli lamba wa m'chiuno basi. Pa chifukwa chomwecho, timipando tongokweza mwana m'mwamba, timene timadalira lamba wa paphewa, sitiloledwa ponyamuka ndi potera. M'lifupi mwake namonso muyezeni: bungwe la FAA limanena kuti mpando wosapitirira mainchesi 16, omwe ndi pafupifupi masentimita 40, umakwana pamipando yambiri ya m'ndege.

Malo amene amaikapo mpando wotere nthawi zambiri ndi pawindo, kuti usatsekereze anthu ena ngati patafunika kutuluka mwachangu, ndipo pamzere wa khomo lotulukira pangozi saulola. Tinapempha kukwera msanga pamodzi ndi mabanja ena a ana aang'ono, ndipo bambo a mwana anatsogola kukamanga mpandowo ine ndikumuyendetsa mwanayo kuti atope. Wogwira ntchito wina m'ndege anakayikira ngati mpandowo unali wololedwa, ndipo chimene chinatithandiza n'chakuti ndinali nditasindikiza tsamba la malamulo a kampani yawo yomwe, n'kumuonetsanso chizindikiro cha pampandopo. Anawerenga, anafunsa mkulu wake, ndipo nkhani inathera pomwepo mwaulemu. Ndikulangiza aliyense kuti atenge pepala lotere, chifukwa mabanja obwera ndi mipando imeneyi ndi ochepa, ndipo si wogwira ntchito aliyense amene anaionapo kawirikawiri.

Phindu lake linaoneka ndege itangokhazikika m'mwamba. Mwana ankaudziwa mpando wake, popeza ndi womwewo umene amakhalamo m'galimoto, ndipo anagona mmenemo monga amagonera paulendo wa pamsewu. Nyali ya malamba inayaka kangapo usiku, koma panalibe chifukwa chomudzutsa, poti anali womangidwa kale. Ndinadya ndi manja awiri, ndinagona maola angapo mtima uli m'malo, ndipo pamene anadzuka n'kufuna kusewera, ndinali ndi mphamvu zoyenda naye m'kanjira ka pakati pa mipando. Mwana wa chaka ndi miyezi ingapo sakhazikika pamiyendo. Amafuna kutsika, kukoka tsitsi la wokhala kutsogolo, ndi kugwira chilichonse, ndipo ndikaganiza zomugwira mokakamiza usiku wonse, ndimaona kuti ndalama ija inagwira ntchito yake.

Zovuta zinalipo, ndipo n'zosayenera kuzibisa. Mpando wa m'galimoto ndi wolemera komanso wovuta kunyamula, ndipo pabwalo la ndege pamene tinasinthira, mtunda wochoka pachipata china kupita pa china unali wautali. Tinaumangirira pachikwama cha mateyala ndi lamba, apo ayi sitikanakwanitsa. Mpando ukayang'ana kutsogolo, mapazi a mwana amafika pampando wa munthu wa kutsogolo, ndipo amaumenya mosalekeza, moti tinachita kumuvula nsapato n'kupepesa kwa bambo amene anakhala pamenepo. Ukayang'ana kumbuyo, monga zimafunikira kwa makanda aang'ono, wa kutsogoloyo satha kutsamiritsa mpando wake, ndipo paulendo wa usiku zimenezi zimatha kuyambitsa kusamvana. Ngati muli awiri, mmodzi wa inu akhoza kukhala kutsogoloko kuti vutolo likhale la m'banja. Palinso ana amene amadana ndi mpando wa m'galimoto ngakhale pamsewu, ndipo mwana wotere sadzaukonda chifukwa choti uli m'ndege. Makanda obadwa kumene nawonso sayenera kukhala m'mpando wotere maola ambiri motsatizana, popeza khosi lawo ndi losalimba ndipo mutu ukagwera kutsogolo kupuma kumavuta, choncho amafunika kuwatulutsa pafupipafupi pamene ndege ikuyenda bata.

Kwa ana okulirapo pali chipangizo china chopepuka chotchedwa CARES, chomwe ndi malamba okoleka pamsana pa mpando wa m'ndege n'kulumikiza ndi lamba wa m'chiuno. Bungwe la FAA linachivomereza kwa ana olemera pakati pa mapaundi 22 ndi 44, kutanthauza makilogalamu 10 mpaka 20, amene amatha kukhala okha mowongoka. Chimalowa m'chikwama chaching'ono, koma mwana akagona mutu wake ulibe potsamira, ndipo si kampani iliyonse imene imachilola.

Makolo ena amagula mpando koma osabweretsa chomangiramo mwana. Pamenepo makampani ambiri amafuna kuti khandalo likhalebe pamiyendo ponyamuka, potera ndi pamene ndege ikugwedezeka, chifukwa lamba wa akuluakulu sagwira bwino kathupi kakang'ono. Mumapezabe malo omugonekapo ndi oikapo zoseweretsa, ndipo zimenezo n'zothandiza, koma mwalipira mtengo wonse n'kulandira theka la phindu lake. Enanso sagula, amangoyembekezera kuti m'ndege mupezeka mpando wopanda munthu. Nthawi zina zimatheka, ndipo kufunsa mwaulemu polembetsa kapena pachipata sikulakwa, koma ndege za maulendo ataliatali masiku ano zimadzaza kwambiri, makamaka nyengo za tchuthi, ndipo kudalira zimenezi kuli ngati kufesa mbewu podalira mtambo umodzi.

Ndikayang'ana maulendo onsewa, ndimaona kuti msinkhu wa mwana ndiwo umalamula kwambiri. Kwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi, limene likukwana m'kabedi, ndipo makolo onse awiri alipo, kuyenda popanda mpando n'kotheka, ngakhale kuti pa chitetezo mpando ukadali wabwino koposa. Kuyambira pamene mwana wayamba kukwawa mpaka zaka ziwiri, ine sindingayendenso ulendo wa usiku wonse popanda mpando, makamaka ndili ndekha kapena ndili woyembekezera. Amene ali ndi mapasa adziwe kuti munthu wamkulu mmodzi amaloledwa khanda limodzi lokha pamiyendo, choncho woyenda yekha ndi makanda awiri ayenera kugulira mmodzi mpando. Ngakhale makolo atakhala awiri, aliyense ndi khanda lake, nthawi zambiri sakhazikidwa pamodzi pamipando itatu yoyandikana, chifukwa zopumira mpweya zimene zimagwa kuchokera kudenga pangozi zimakhala zowerengeka pamzere uliwonse, ndipo kawirikawiri chapadera chimakhala chimodzi chokha.

Ngati ndalama sizikukwana, pemphani kabedi tsiku lomwelo limene mwagula tikiti, ndipo muimbenso foni kutatsala masiku ochepa kuti mutsimikize. Mangani lamba wanu nthawi yonse imene mwakhala pansi, ngakhale nyali itazima, ndipo kalamba ka mwana, ngati mwapatsidwa, kakhale komangidwa pamene ali pamiyendo panu. Nsalu kapena chikwama choberekera mwana pachifuwa chimathandiza kupumitsa mikono pakati pa ulendo, ngakhale kuti makampani ambiri amakuuzani kuti mumuchotsemo ponyamuka ndi potera. Ngati muli awiri, gwirizanani zogona mosinthana kuti wofungata mwana akhale maso, ndipo ndege ikayamba kutsika, muyamwitseni kapena mumupatse botolo, chifukwa kumeza kumachepetsa kupweteka kwa m'makutu kumene kumabwera ndi kusintha kwa mpweya.